Mtengo, Mphaka ndi Cule: Kodi Ana Athu Acite Yoga?

Amai ena a ku Chelstone andilembera kalata imene yandikhazika pansi. Akuti tsiku lina mwana wao wamkazi wa zaka 8 anafika kucokera ku sukulu, naponya cola ca mabuku pampando, naimirira ndi mwendo umodzi pakati pa nyumba, manja ali m'mwamba. Atamufunsa cimene camugwira, iye anayankha kuti wasanduka mtengo, ndi kuti aphunzitsi a masewera ayamba kuwaphunzitsa yoga. Amaiwo anaseka. Koma atakamba nkhaniyi ku mphakati, kuseka kunatha. Wina anati zimenezo ndi za cipembedzo ca Ahindu. Wina anafika poti ndi za Satana. Ndipo wacitatu, amene anali cete nthawi yonseyo, anaulula kuti iye amalipira ndalama mwezi ndi mwezi ku Kabulonga kuti azicita zomwezo cifukwa ca msana wake. Anabalalika osagwirizana. Tsono funso la amaiwo ndi ili: kodi amuletse mwanayo, kapena amuleke?

Safunsa anadya phula, Amai, ndipo mwacita bwino kufunsa. Yankho langa lalifupi ndi lakuti musamuletse, komanso musangomulekerera. Yalani mphasa, vulani nsapato, muimirire pambali pake. Yankho lalitali ndi ili likutsatirali, ndipo makolo ena amvereko, pakuti nkhaniyi yalowa kale m'nyumba zambiri, kaya kudzera ku sukulu, kaya pa wailesi ya kanema, kaya pa foni.

Tiyambe ndi thupi la mwana, pakuti mpamene pagona nkhani. Ife amene tinakulira kumudzi, kapena m'makomboni masiku aja mabwalo asanadulidwe mapuloti, sitinali kufuna mphunzitsi wotiuza kuti tiongole msana. Mtsuko wa madzi pamutu unali kutiongola. Mtengo wa mango unali kutiphunzitsa kugwira ndi kudzikoka. Waida anali kutiphunzitsa kulumpha. Pa ciyato tinali kukhala pansi miyendo ili tambalale mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo cimpombwa tinali kucithamangitsa kufikira mdima utatilanda. Lero taonani tsiku la mwana wa m'mafulati a ku Kabwata, kapena wa kuseri kwa mpanda wa njerwa ku Woodlands. Adzuka m'bandakuca, akhala mothithikana m'minibasi, cola cili pamiyendo, uku magalimoto akukwawa pa mseu wa Burma kapena wa Great East. Akhala pa desiki maola ambiri. Akaweruka, pali maphunziro ena apadera. Akafika kunyumba geti itsekedwa, ndipo sindikudzudzula kholo lotseka geti, pakuti magalimoto ndi anthu oipa alipodi. Koma mwanayo akhalanso pampando, khosi lili cowerama pa foni, mpaka nsima itapsa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azicita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Mu 2019 bungwe lomwelo linalengeza kuti mwa ana a sukulu a zaka 11 mpaka 17, oposa 80 pa 100 alionse safika pa muyeso umenewu. Ndinene poyera kuti yoga siingalowe m'malo mwa mphindi 60 zimenezi. Mwana ayenera kuthamanga, kugwa, ndi kunyuka pabondo. Koma yoga ili ndi ubwino umodzi umene mpira ulibe: imakwana m'cipinda. Siifuna bwalo, siifuna yunifomu, siifuna ndalama, siifunanso magetsi. Ine ndinayamba kucita masewerawa ndi adzukulu anga mu 2024, caka cija cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi nkumazima pafupifupi tsiku lonse. Kanema atakhala cete, ana anali kungokanganirana mpando. Mphasa ndiyo inabweretsa mtendere.

Nanga yoga ndi ciani kwenikweni? Liuli ndi la Sanskrit, cilankhulo cakale ca ku India, ndipo tsinde lake limatanthauza kumanga m'goli, monga timamangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke pamodzi. Kwa aphunzitsi akale a kumeneko yoga inali njira ya moyo wauzimu: kudziletsa, kukhazika maganizo pansi, kufunafuna kumasuka kwa mzimu. Amene anena kuti muzu wake uli m'cipembedzo sakunama. Komabe buku lochuka la Patanjali, la Yoga Sutra, lolembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, silichula dzina la kaimidwe ngakhale kamodzi mwa maimidwe amene ana athu akucita lero. Buku lina la m'zaka za m'ma 1400, Hatha Yoga Pradipika, limafotokoza makhalidwe 15 cabe, ambiri a iwo okhala pansi. Zambiri zimene tikuona masiku ano zinaumbidwa posacedwa. M'zaka za m'ma 1930 mphunzitsi wina dzina lake Krishnamacharya anali kuphunzitsa anyamata ku nyumba ya mfumu ya ku Mysore, ndipo ena mwa ofufuza mbiri aonetsa kuti anasakaniza zakale za kwao ndi masewera olimbitsa thupi a masiku amenewo, ena a iwo ocokera ku Ulaya. Mmodzi mwa anyamatawo anali B.K.S. Iyengar, mwana wodwaladwala amene anazunzika ndi malungo, cifuwa cacikulu ndi taifodi. Anakula nakhala mphunzitsi wodziwika pa dziko lonse, natulutsa buku la Light on Yoga mu 1966, namwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Mwa njira ina tingati yoga ya maimidwe inayesedwa pa matupi a ana isanafike kwa akulu.

Abale athu ocokera ku India takhala nao kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene oyamba anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo ndani wa ife sanagulepo nsalu ku Kamwala? Koma ambiri a ife yoga sinatifike kudzera pa kauntala ya sitolo. Inazungulira ku Ulaya ndi ku America, nitulukira pa kanema. Pa 11 December 2014 bungwe la United Nations linavomereza kuti 21 June lizikhala tsiku la yoga pa dziko lonse, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 2015. Muno mu Lusaka ofesi ya kazembe wa dziko la India imaitana anthu ku mwambo wa tsikuli. Analisankha cifukwa kumpoto kwa dziko lapansi ndilo tsiku lotalika kuposa onse pa caka. Kwathu kuno zimatembenuka: ndi nthawi ya masiku afupiafupi, pamene mphepo ya June imaluma makutu.

Tsono tifike pa cimene cinautsa mkangano ku mphakati. Kodi Eklezia amati ciani?

Pa 15 October 1989, caka comweco cimene Papa John Paul II anatiyendera nacita Misa pabwalo pamene lero paima Cathedral of the Child Jesus, ofesi ya ku Vatican yoyang'anira za ciphunzitso ca cikhulupiriro inatumiza kalata kwa aepiskopi onse yonena za kusinkhasinkha kwa cikristu. Anaisaina ndi Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedict XVI. Kalatayo imachula yoga ndi dzina pakati pa njira za kum'mawa. Siiletsa. Imavomereza kuti kakhalidwe ka thupi ndi kapumidwe zimakhudza mtima wa munthu, ndi kuti njira zina zocokera ku zipembedzo zina zingathandize munthu wosokonezeka ndi phokoso la masiku ano kuti afike pamaso pa Mulungu ali wodekha. Koma imacenjezanso, ndipo macenjezowo ndi olemera. Munthu angayambe kupembedza thupi lake. Angamvenso kufunda, kupepuka kapena bata zobwera ndi masewera, nayesa kuti ndi citonthozo ca Mzimu Woyera. Pemphero la mkristu ndi kukambirana ndi Mulungu wamoyo, ndipo cisomo ndi mphatso. Palibe luso la miyendo kapena la mpweya limene lingacigule. Malemu Papa Francis ananenanso zofanana pa ulaliki wao wina mu January 2015, kuti maphunziro a yoga, ngakhalenso a katekisimu amene, pa okha sangapatse munthu ufulu wa mwana wa Mulungu. Ndi Mzimu Woyera yekha amene amafewetsa mtima.

Akatolika amene anayesa kutola zabwino za yoga analipo kale. Bambo Jean-Marie Déchanet, wansembe wa cipani ca Benedict Woyera, anadwala khunyu kuyambira ali wamng'ono, ndipo atakula anapeza thandizo m'masewera a thupi ndi m'kapumidwe. Mu 1956 analemba buku limene m'Cingelezi linatuluka ndi dzina lakuti Christian Yoga, ndipo pambuyo pake anakakhala zaka zingapo ku Kansenia, m'dera la Katanga, kwa anansi athu a ku Congo. Sindibisanso kuti alipo ansembe ena, ngakhale odziwika, amene amalangiza akristu kuti aitalikire yoga yonse. Ngati cikumbumtima canu sicikhazikika, kambiranani ndi Bambo Mfumu a parishi yanu, ndipo mukasankha kuisiya simunalakwe. Mwana angathe kudziongola popanda kuchula dzina limenelo.

Ine malire anga ndimaika motere. Kupinda bondo ndi kupinda bondo basi. Koma ngati mphunzitsi ayamba kuimbitsa ana mau a mapemphero a Cihindu, monga liu lija lakuti Om. Ngati awagwaditsa patsogolo pa cithunzi kapena fano. Ngati awauza kuti akulambira dzuwa, kapena kuti pansi pa msana wao pagona mphamvu yaumulungu yofuna kudzutsidwa, pamenepo tacoka pa masewera, talowa m'cipembedzo ca eni ake, ndipo kholo lili ndi ufulu wonena kuti wanga ayi. Pitani ku sukulu, Amai, mukapemphe mwaulemu kuti muonerere phunziro limodzi. Mphunzitsi woongoka sadzakana. Ndipo kwa mnzathu uja anachula Satana ndingoti: lilime tizilisamala. Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'cikalata ca Nostra Aetate ca mu 1965, unachula Ahindu mwaulemu, nuphunzitsa kuti Eklezia sakana cilicose coona ndi coyera m'zipembedzo zina. Kusapemphera nao pamodzi ndi nkhani ina; kuwanyoza ndi inanso.

Zoti thupi limalankhula, ife Akatolika sitifuna kukaphunzira kutali. Timaimirira pa Mthenga Wabwino, timagwada pa Ukaristia, ndipo pa Lacisanu Loyera wansembe amagona cafufumimba patsogolo pa guwa. Dominic Woyera, amene seminare yathu yaikulu ya ku Woodlands inatenga dzina lake, amakumbukiridwa ndi njira 9 za kupemphera, zina kuwerama, zina kugwada, zina kutambasula manja ngati mtanda. Mwana woleredwa m'zimenezi savutika kusiyanitsa. Pamphasa akudziongola, pa kolona akupemphera. Ndipo ine sindikonda kusakaniza ziwirizi, kumati tiime ngati mtengo uku tikunena Tikuoneni Maria. Ciliconse cikhale ndi nthawi yake.

Tsopano yalani mphasa ija.

Sankhani nthawi imene m'mimba muli mopepuka: m'mawa asanadye, kapena madzulo nsima isanafike. Akadya, papite maola awiri. Mwana akhale wopanda nsapato ndi masokosi, avale zomasuka. Atsikana avale buluku kapena kabudula, kuti asamatanganidwe ndi kukoka diresi. Nyengo yozizira ayambe ndi kudumphadumpha ndi kuzunguza manja kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, pakuti mnofu wozizira uli ngati mphira ya legeni yogonera panja. Kwa mwana wa zaka 4 kapena 5, mphindi 5 zakwana. Wa zaka 8 mpaka 12 angafike mphindi 15. Pa kaimidwe kalikonse apume katatu mpaka kasanu, kudzera m'mphuno, osaumira mpweya. Maina a Sanskrit asiyeni. Ana amamva nyama ndi mitengo.

Coyamba ndi phiri. Aimirire mapazi ali pafupi, manja m'mbali, mapewa ogwa, mutu woongoka ngati wasenza mtsuko. Zimaoneka ngati palibe cimene akucita, koma tayesani kumuimika conco mwana wa zaka 6 kwa theka la mphindi.

Kucoka pa phiri ndi pamene pamamera mtengo uja unakudabwitsani. Mwana aike kulemera kwake konse pa phazi lamanzere, anyamule lamanja, aliike m'kati mwa mwendo woimawo. Woyamba kumene aliike pa kakolo, zala zikugunda pansi. Akazolowera alikweze pa katumba. Wodziwa alifikitse panchafu. Pamalo amodzi pokha sayenera kuliika, ndipo ndi pabondo, cifukwa bondo silinapangidwe kuti lizikankhidwira cam'mbali. Manja angawagundanitse pacifuwa, koma ngati zimenezo zikukukumbutsani pemphero, angowatambasula m'mwamba ngati nthambi. Cinsinsi cili m'maso. Muuzeni ayang'ane cinthu cimodzi cosasuntha, kaya msomali wa pakhoma, kaya kalendala, osacotsapo diso. Munthu amaima cilili cifukwa ca atumiki atatu ogwirizana: maso, timadzi ta m'kati mwa khutu timene timamva kupendekeka kwa mutu, ndi mitsempha ya m'mapazi ndi m'miyendo imene imauza ubongo pamene thupi lili. Kuti mwana akhulupirire zimenezi, muuzeni atsinzine. Sipapita nthawi, mtengo wagwa, nyumba yonse ili phwete. Akatero asinthe mwendo. Pafupifupi aliyense ali ndi mwendo waulesi, ndipo kuupeza ndi cisangalalo ca paceka. Cimene ndimakondera kaimidwe aka ndi cakuti mwana sangathe kuima uku maganizo ali kwina. Akangoganiza za mnzake amene anamulanda pensulo, wagwa. Kumeneko ndi kuphunzira kusunga maganizo pamodzi, kopanda mkwapulo.

Kenaka atsike pansi, agwade natsamira manja ngati khanda lokwawa, zikhato pansi pa mapewa, maondo pansi pa ciuno. Potulutsa mpweya akweze msana m'mwamba, mutu ugwe, monga acitira mphaka akaona galu. Pokoka mpweya agwetse mimba, akweze mutu, akhale ng'ombe. Asinthesinthe conco kasanu, pang'onopang'ono, ndipo mulekeni alire ngati nyamazo. Msana umene wapindikira pa desiki tsiku lonse umathokoza.

Ali pomwepo, apinde zala za kumapazi, anyamule maondo, akweze matako m'mwamba kuti thupi lioneke ngati denga la nyumba, mutu uli lende pakati pa mikono. Ameneyo ndi galu wodziongola atadzuka. Zidendene zikalephera kufika pansi, si mlandu. Apinde maondo pang'ono. Kaimidwe aka kamakoka minofu ya kumbuyo kwa miyendo, imene imauma mwa munthu wokhalitsa pampando, komanso mwa mwana amene akutalika mofulumira. Musadabwe ngati wa zaka 13 auma kuposa mng'ono wake wa zaka 5.

Njoka ndi yapafupi. Agone cafufumimba, zikhato pafupi ndi mapewa, zigongono zomamatira kunthiti, adzutse cifuwa pang'ono, mcombo usacoke pansi. Asaongole mikono yonse kapena kuponya mutu kumbuyo. Mwana wofuna kuonetsa ukatswiri amatero, ndipo msana wa m'munsi ndiwo umalipira. Pa Cingelezi kaimidwe aka kali ndi dzina limodzi ndi Cobra, polishi ija imanyezimiritsa simenti ya m'nyumba zathu. Ndachula dala, cifukwa pansi popolishidwa bwino, ulemu wa mai wa pakhomo, ndi mdani wa masewerawa. Mphasa kapena bulangete likayalidwa pamenepo limatsetsereka. Funani pokhakhala, kapena tulukani pa kapinga.

Pa cule ndiimepo pang'ono, cifukwa amandiseketsa ndi kundimvetsa cisoni pa nthawi imodzi. Mwana atalikitse mapazi pang'ono kuposa ciuno, zala zoloza kunja, anyonyomale mpaka matako atayandikira pansi, zidendene osanyamuka, zigongono m'kati mwa maondo. Basi. Kodi si mmene ambuya amakhalira pa mbaula, kapena pothyola ndiwo kudimba ku Katete, ngakhale ali ndi zaka 70? Palibe anawaphunzitsa, ndipo sanalipire ngwee. Khanda lililonse lophunzira kuyenda limanyonyomala conco mosavuta. Koma tengani mwana wa zaka 10 wokulira pa sofa: mwina zidendene zimanyamuka, mwina amagwa cagada. Mpando wamulanda cimene anabadwa naco. Mpindireni citenje, muike pansi pa zidendene zake, ndipo pakapita milungu mucicepetse. Akatopa kukhala, alumphe ngati cule kuzungulira cipinda.

Cimodzimodzi ndi kutambalala. Eni yoga amakucha ndodo: kukhala pansi, miyendo yoongoka kutsogolo, msana uli njo. Amai athu amakhala conco tsiku lathunthu pa maliro kapena posenda nshawa, ndipo abambo ambiri a m'maofesi a mu Cairo Road sangapirire mphindi ziwiri. Pamene ena akuti yoga ndi yacilendo, ine ndimaona kuti mbali ina ikungotibwezera katundu wathu amene tinataya pa ulendo wobwera m'tauni.

Zotsalazo ndingozidutsa. Gulugufe: akhale pansi, agundanitse mapazi, agwire akakolo, akupize maondo pang'onopang'ono, inu musawatsindikire pansi ndi manja anu. Ulalo: agone cagada, apinde maondo, mapazi apondetse pansi, akweze ciuno, khosi osalitembenuza, mng'ono wake adutsitse galimoto ya waya kunsi. Mkango: agwade, akhalire zidendene, atong'ole maso, atulutse lilime lonse, abangule potulutsa mpweya. Mwana wokwiya ukamucititsa mkango katatu amathera m'kuseka, koma a m'mafulati musacite usiku, anansi angaitane apolisi. Kamba: ali cogwada comweco, agwetse mphumi pansi, mikono kutsogolo kapena m'mbali, abisale m'cigoba cake.

Potsiriza agone cagada, miyendo ndi manja zili tayale, ndipo muike kanthu kopepuka pamimba pake, kaya kabuku, kaya lalanje. Aziyang'anira mmene kakukwerera ndi kutsika. Akoke mpweya powerenga mpaka 3, autulutse powerenga mpaka 5. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumacepetsa liwiro la mtima, ndipo mwana akazolowera angathe kucita zimenezi ali pa desiki, pepala la mayeso lisanatembenuzidwe, popanda wina kudziwa. Dzina la kagonedwe aka m'Sanskrit limatanthauza mtembo. Ana musawauze, sadzagona usiku.

Pali zina zimene mwana sayenera kucita m'nyumba, ngakhale ataziona pa foni. Kuima ndi mutu, kuima ndi mapewa, kapena kugona cagada nkuponya miyendo kuseri kwa mutu, zonsezi zimasenzetsa khosi katundu amene silinakonzekere. Makamaka ana obadwa ndi Down syndrome asayese nkomwe, pakuti ena a iwo mafupa a pamwamba pa khosi amakhala olekera. Kupinda miyendo mokakamiza kuti mapazi onse akwere panchafu kumavulaza maondo. Mipikisano ya kuumira mpweya, kapena kupuma mothamanga mpaka cizungulire, ikanizeni. Mwana wa mphumu, wa khunyu, wa vuto la mtima, wa matenda a sickle cell, kapena amene anathyokapo posacedwa, yambani mwafunsa kucipatala. Ndipo wina asakunamizeni kuti yoga imaciritsa matenda amenewa, kapena kuti isandutsa mwana kukhala woyamba m'kalasi. Mankhwala a dokotala asasiyidwe. Ubwino wake ndi wocepa koma weniweni: thupi lofewa, miyendo yokhazikika, ndi mwana wodziwa kudzikhazika pansi akatekeseka.

Lamulo lalikulu ndi la kuwawa. Kumva kukoka pang'ono ndi kwabwino; kumva kulasa ndi cizindikiro coti aleke pomwepo. Pano ife makolo ndife oopsa kuposa masewerawo. Timafuna wathu apose wa mnzathu, ndipo dzanja limayabwa kuti limutsindike msana afike pamene mlongo wake wafika. Musatero. Matupi amasiyana ngakhale a mimba imodzi; wina amabadwa wofewa ngati luzi, wina wouma ngati mpini, ndipo wofewa kwambiriyo ndiye afunika kumuletsa kudzionetsera. Kuthamanga sikufika. Musasandutsenso mphasa kukhala cilango, kumati popeza wasokosa, kaime ngati mtengo; mawa sadzaifunanso.

Ndipo mulowepo nanu. Mwana amene amaona atate ake madzulo okha, atatopa, nkhope ili gwa, akawaona akugwa pa mtengo amaona munthu wina watsopano. Ine tsiku loyamba ndinaima molimba mtima, nditayang'ana msomali monga ndinali nditawalangiza, ndipo ndisanapume kaciwiri ndinapezeka ndagwira kabati, makapu ali ngwerengwere. Kamdzukulu kanga ka zaka 5 kanandiyang'ana mwacifundo, nkundiuza kuti ndisadandaule, mitengo yokalamba imagwa ndithu. Mpaka lero mwendo wanga wamanzere ndi waulesi, ndipo iwo amawerenga mokweza kuti aone ngati ndifika pa 10.

Conco, Amai a ku Chelstone, kaoneni phunziro lija ku sukulu, mumve ndi makutu anu zimene ana amauzidwa. Mukakhutira, mupempheni mwanayo akuphunzitseni mtengo wake, inu mumuphunzitse kutambalala kwa ambuya ake. Mnzanu uja wa msana mumuuze apitirize kumene amapita ngati akupezako bwino, koma cule ayambe kumucitira kunyumba, pa mbaula, pophika ndiwo.